Ku Vauban, kampu ya asilikali yomwe inasanduka mudzi

Kuchokera pasiteshoni yaikulu ya sitima mumzinda wa Freiburg, kum'mwera kwa Germany, munthu umakwera tram, kasitima kamagetsi koyenda mumsewu, mpaka ku Vauban. Nditatsika maso anga ankafunafuna geti kapena mpanda wawaya. Ndinangopeza njinga zokhazokha, zina zikukoka tingolo tonyamuliramo ana, pansi pa mitengo ikuluikulu yomwe asilikali anaisiya.

Kampuyi inamangidwa m'zaka za m'ma 1930 kuti muzikhala asilikali a Hitler. Nkhondo itatha mu 1945 munalowa asilikali a France, omwe anaipatsa dzina la Vauban, katswiri wawo womanga malinga m'nthawi ya Mfumu Louis XIV. Asilikali a France anasamuka mu 1992, Germany ya kum'mawa ndi ya kumadzulo zitakhalanso dziko limodzi. Malowo, mahekitala pafupifupi 40, anabwerera m'manja mwa boma, ndipo khonsolo ya Freiburg inawagula ndi ma Deutsche Mark 40 miliyoni, ndalama za ku Germany za nthawiyo.

Alendo ambiri amabwera kudzajambula mapanelo a sola amene ali pamadenga. Ine chimene chinandigwira mtima ndi kagulitsidwe ka malowa. Khonsolo sinapereke chigawo chonse kwa kampani imodzi yolemera ayi. Inadula maploti ang'onoang'ono, ndipo ambiri anagulidwa ndi magulu a mabanja omwe ankasonkherana ndalama, kupeza wojambula mapulani wawo, n'kumanga nyumba imodzi yosanja yokhalamo onse. Ndiye mukamayenda mumsewu, nyumba iliyonse ili ndi nkhope yakeyake: iyi yamatabwa, inayo yapenti wofiira, ina yakutidwa ndi zomera zoyanga mpaka pakhonde la m'mwamba.

Nyumba zakale za asilikali sizinagumulidwe zonse. Zina zinasanduka zogonamo ophunzira, ndipo zinayi zinatengedwa ndi gulu lotchedwa SUSI, la achinyamata ndi anthu opeza mochepa amene analimbana nazo kuti zisagwetsedwe. Pamenepa ndinaima kanthawi ndithu. Chimango chake n'chausilikali, chachitali, mawindo ofanana ali pamzere ngati akudikira kuitanidwa maina. Koma eni ake atsopano anakhomerera makonde amatabwa, kujambula zithunzi m'makoma, n'kuyanika matewera pamene kale pankafoledwa anthu a mfuti. Pambali pake pali ngolo zakale zomwe anthu ena amagonamo.

Za galimoto anakhwimitsadi. M'timisewu tambiri mungalowe kukatsitsa katundu, mukuyendetsa mwapang'onopang'ono ngati woyenda pansi, koma kuimika pakhomo n'kosaloledwa. Wofuna kukhala ndi galimoto amagula malo m'galaja yosanja kumalire kwa mudziwo, ndipo mtengo wake ngwoboola m'thumba. Ambiri anangoisiya, makamaka tram itafika mu 2006. Ana amajambula ndi choko pakati pa msewu, opanda wowakalipira.

Poyenda ndinkakumbukira Chelsea Barracks, kampu yakale ya asilikali ya ku London, yomwe boma la Britain linagulitsa pamtengo wa mapaundi 959 miliyoni kwa kampani ya ku Qatar yotchedwa Qatari Diar ndi anzake. Ndalamazo zinali zochititsa kaso, koma nyumba zambiri zimene zamangidwapo n'za anthu a chuma chosaneneka. Komabe tisaitame Vauban mopitirira. Anthu okhala kumeneko ndi oposa 5,000, ndipo ukawayang'ana ambiri ndi ophunzira bwino, a ntchito zabwino. Mayi wina yemwe ndinakhala naye pabenchi anandiuza kuti lero banja longoyamba kumene lingavutike kupeza nyumba kuno, kupatula m'magulu ngati SUSI amene amayesetsa kuti lendi isakwere.

Mukafuna kupitako sankhani Lachitatu masana, pamene alimi amayala malonda awo pabwalo la Alfred-Döblin-Platz, kutsogolo kwa Haus 037, nyumba ina ya asilikali yomwe tsopano anthu a m'deralo amachitiramo misonkhano.