Kubwezera nyumba za Chirimba pansi pa ndege ya pa kompyuta

Ndimayendetsa ndege pa kompyuta ndi FlightGear, pulogalamu yaulere. Ukalemba FWCL, chizindikiro cha bwalo la ndege la Chileka, umapezeka pabwalopo, ndipo ukanyamuka phiri la Michiru limaoneka pamalo pake. Koma ndikayang'ana pansi, malo ena cha ku Chirimba anali tchire lokhalokha, pomwe ndikudziwa kuti pali nyumba zothithikana. Nyumba ndi misewu za mu FlightGear zimachokera ku OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene anayamba mu 2004, oti aliyense amajambulapo. Chimene eni dera sitinajambule, woyendetsa ndege sachiona.

Kutsegula akaunti ya OpenStreetMap sikuchedwa. Ndinasankha iD, chojambulira chomwe chimatseguka mu browser momwemo, n'kuika kumbuyo zithunzi za satelayiti za Bing kapena Esri. Kukopera ku Google Maps n'koletsedwa, layisensi yake silola.

Kujambula kwake n'kosavuta: uzungulira denga, udina Q kuti ngodya ziwongoke, ulemba building=house, kutanthauza kuti ndi nyumba yokhalamo. Chovuta n'kudziwa chimene ukuonacho. Uvuni wa njerwa, kuuonera m'mwamba, umakhala ngati kanyumba. Mtengo wa mango umabisa theka la denga, ngodya inayo n'kumaisaka potsata mzere wa malata. Ndiye chithunzi sichikuuza ngati nyumba ndi yosanja, pamene building:levels, pomwe umalemba kuti nyumba ndi yosanja kangati, ndi imene imaimiritsa nyumbayo mu FlightGear. Apa ndinachoka pa kompyuta, n'kukwera minibasi ya ku Chileka kope lili m'manja, ndikuwerenga mawindo kuyambira pa Kameza. Mayi amene ndinakhala nawo mpando umodzi anafunsa ngati ndine wa msonkho.

Mtima umakuuza kuti uwonjezere mitengo kapena nyumba zabodza kuti potera pazikongola. Ine ndimakana. Mapu omwewa amagwiritsidwa ntchito ndi opereka thandizo pakagwa ngozi ngati ya namondwe Freddy mu March 2023, ndipo msewu wopeka ukhoza kusocheretsa galimoto yeniyeni. Za mapiri musadzivute: msinkhu wa Soche ndi Ndirande suchokera m'mapuwa, umachokera ku miyeso ina monga SRTM, muyeso wa kukwera kwa nthaka wochitidwa kuchokera mumlengalenga mu 2000.

Ukasunga ntchito, lemba mawu ochepa ofotokoza zimene wasintha, kuti ojambula anzako asadabwe. Pa mapu zimaoneka patapita mphindi zochepa, koma mu ndege ayi. Ndinadikira tsiku lotsatira, n'kutsitsa fayilo ya Malawi ku Geofabrik, webusayiti yogawa mafayilo a OpenStreetMap, komwe amaikonzanso tsiku lililonse, pa bandulo ya usiku. Kenako ndinaipititsa mu osm2city, kapulogalamu ka Python kamene kamasandutsa mizere ija kukhala makoma ndi madenga. Kukaika n'kumene kunandidyera nthawi kuposa zonse, ndipo ndinangosankha kachigawo kozungulira bwalo, chifukwa dziko lonse laputopu yanga sikanakwanitsa. Foda yotuluka ndinailozera ku FlightGear, pamwamba pa mndandanda wa scenery, mafoda a maonekedwe a malo, kuti iziwerengedwa poyamba.