Tinkhono tanga tamanzere, sabata yachisanu: kupotoka kuja ndakuona

Kwa masabata anayi ndakhala ndikusakasaka kamphindi kamodzi pa moyo wa nkhono, pamene maselo a dzira lake amapotoka pogawikana, koma kankangondipulumuka. Lolemba usiku ndinakapezerera.

Kwa amene simunaone zolemba zam'mbuyomu: m'thanki langa muli tinkhono ta m'madzi ta mtundu wa Physa. Ukaimika chigoba chake nsonga ili m'mwamba, khomo limakhala kumanzere, pomwe nkhono zambiri limakhala kumanja. Timaikira mazira pagalasi, m'kathumba koterera koonekera mkati, dzira lililonse m'kachipinda kakekake. Ndimapala kathumbako ndi lezala n'kukaika m'kadontho ka madzi pansi pa maikulosikopu.

Chimene chinkandigonjetsa ndi nthawi. M'mawa ndinkapeza mazira atagawikana kalekale, atasanduka kampira ka maselo osawerengeka. Ulendo uno ndinapatula nkhono zitatu m'botolo n'kumazisuzumira pafupipafupi madzulo onse. Cha m'ma 9 koloko imodzi inaikira, ine tulo n'kutsanzikana nato.

Selo limodzi linasanduka awiri, awiriwo n'kukhala anayi. Apa panalibe chachilendo. Akatswiri amawatchula kuti A, B, C ndi D, ngakhale kwa ine onse ankaoneka ngati mapasa. Chimene ndinkadikira ndi kugawikana kwachitatu. Selo lalikulu lililonse limatumphuka kaselo kakang'ono pamwamba pake, koma kaseloko sikakhala molunjika pamutu pa kholo lake. Kamatsetsereka n'kukakhazikika m'ngalande ya pakati pa maselo awiri aakulu, ngati kuti wina wagwira chivindikiro n'kuchipotoza pang'ono. Tonse tinayi tinapendekera mbali imodzi, phee, popanda kolimbana ndi tinzake.

Ndinajambula msangamsanga, kenako mutu unaima. Pa chojambula changa kupotokako kunkatsata mmene mivi ya wotchi imayendera, chonsecho nkhono yamanzere imayenera kupotokera kwina. Ndinayamba kukayikira maikulosikopu, koma iyo imangotembenuza chithunzi chadodolido, sisandutsa manja kukhala manzere. Wolakwa ndinali ine. Pamwamba pa dzira pamakhala timadontho ting'onoting'ono timene dzira limataya likamakhwima, ndipo ndi timene timakuuza kuti kumwamba ndi kuno. Pa langa sitinkaoneka bwino chifukwa ndinkaliyang'anira kunsi, kudzera m'maselo aakulu aja. Nditagubuduza kachipindako ndi nsonga ya singano, timadontho tija tinabwera poyera, ndipo kupotoka kunali kosemphana ndi wotchi. Chojambula choyamba sindinachitaye, ndangolembapo kuti "kunsi".

Wasayansi wina, Henry Crampton, anaona zomwezi pa Physa mu 1894, ndiye sindinatulukire kanthu. Chimene chikundisangalatsa n'chakuti mbali imene chigoba chidzapindikire yasankhidwa kale mluza uli ndi maselo 8 okha, ulibe chigoba, ulibe mtima. Mu 2009 Reiko Kuroda ndi anzake anakankha timaselo timeneti ndi tindodo tagalasi pa nkhono ya Lymnaea stagnalis, kutipotozera mbali inayo, ndipo nkhonozo zinakula ndi zigoba zotembenuka. Ana a nkhono zimenezo anabwerera ku mbali yakale, chifukwa chimene chimalamula ndi majini a mayi (tizinthu ta m'maselo tonyamula chibadwa), monga Alfred Sturtevant anafotokozera mu 1923.

Ndiye pali nkhani ya chibale, imene yandigoneka mochedwa kuposa mazira enieniwo. Edmund Wilson anatsatira selo ndi selo pa nyongolotsi ya m'nyanja yotchedwa Nereis mu 1892. Edwin Conklin anachita chimodzimodzi pa nkhono ya m'nyanja ya Crepidula mu 1897. Nyongolotsi ndi nkhono zikakula sizifanana ngakhale pang'ono, koma miluza yake imagawikana mopotoka mofanana, moti mayina a maselo amagwira kuwiri konse. Selo limodzi la mbali ya D, lotchedwa 4d, ndi limene limabala gawo lalikulu la minofu ndi ziwalo zina zamkati, kaya mwa nkhono kaya mwa nyongolotsi. Kufanana kotere sindikuona kuti kungangochitika mwangozi. Ndi cholowa chochokera kwa kholo limodzi limene linakhalako zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo.

Koma cholowa si onse amachisunga. Nyama za m'nyanja zotchedwa octopus ndi squid ndi abale enieni a nkhono, komabe mazira awo anadzaza yolk, chakudya cha mluza, moti maselo amangogawikana pakachigamba kapamwamba, kupotoka kuja kunatayika. Ineyo izi zimandikoka mtima kuposa kufanana kuja: njira imene inasungidwa nthawi yaitali chonchi, m'nthambi ina inasiyidwa, nyama n'kumatulukabe yathunthu.

Lero ndi Lachinayi. Miluza ya Lolemba ija yayamba kuzungulira m'tizipinda take, pang'onopang'ono, ndi titsitsi tosaoneka n'komwe. Iwiri inaima kukula, mwina ndinaifinya ndi singano.

Chotsatira ndi 4d. Limabadwa mluza ukangopitirira maselo 24, ndipo limakhala kunsi, kumene maselo amapanikizana n'kumabisana. Ndayesa kawiri, ulendo uliwonse ndimasokonezeka kuwerenga ndikadutsa 16. Ndikufunanso nkhono ya khomo la kumanja, kuti ndiike mazira a mitundu iwiriyi pagalasi limodzi usiku umodzi. Botolo lachiwiri ndatsuka kale.