Masamba a laurel atayamba kupsa pa mpanda wathu

Mu Okutobala chaka chatha ndinabwera kuchokera ku Zomba nditanyamula mbande 12 za laurel zomwe ndinagula pa nazale ina ya kumeneko. Cholinga changa chinali choti ndizibzale m'mbali mwa mpanda wa kumadzulo kwa nyumba yathu kuno ku Mangochi, kuti zikakula zizititchingira dzuwa la kumadzulo, komanso kuti ndizithyolako masamba oika mu ndiwo. Mtengo umenewu ndi uja akatswiri a zomera amautcha Laurus nobilis, womwe masamba ake ouma amagulitsidwa m'masitolo ngati zokometsera chakudya. Kwawo kwenikweni ndi kumayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo suyoyola masamba m'chilimwe monga amachitira malambe athuwa. Ndichenjezeretu kuti pali mtengo wina wotchedwa cherry laurel, womwe ena amabzala ngati mpanda kumayiko ozizira, koma masamba ake ali ndi poizoni ndipo sayenera kufika m'poto.

Patangotha masabata awiri chibzalireni, masamba anayamba kufiira kunsonga ndi m'mphepete ngati awaulidwa ndi moto, pomwe pakati pake panali pobiriwirabe. Sabata yachitatu isanathe, ena anali atauma ndithu moti ndikawagwira ankathetheka m'manja. Mtima unandipweteka kwambiri chifukwa sindinaphonye kuthirira ngakhale tsiku limodzi, m'mawa ndi madzulo, ndipo dothi linkaoneka lonyowa nthawi zonse. Ndinaganiza kuti ndi matenda, kapena kuti mchenga wa pano ulibe chakudya chokwanira, choncho ndinakonza zokagula mankhwala opopera komanso kuthira Urea pang'ono pa phando lililonse.

Amene anandiletsa ndi bambo wina wachikulire wa m'dera lathu, yemwe wakhala akusamala maluwa m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja kwa zaka zambiri. Anabwera dzuwa litapendeka, ndipo masamba aja sanawayang'ane nthawi yaitali. Anagwada pa mtengo woyamba n'kukanda khungwa la kanthambi kena ndi chikhadabo, ndipo mkati mwake munaoneka mobiriwira ndi monyowa. "Amayi, uwu uli moyo, musauzule ndipo musauthire feteleza," anatero. Kenako anayamba kufukula mchenga ndi manja m'mbali mwa tsinde mpaka anafika pa dothi lomwe mbande inabwera nalo m'chubu, n'kundiuza kuti ndiligwire ndekha. Mchenga wozungulira unali wonyowa ndi wozizira, koma chibuma chomwe munali mizu chinali chouma gwa ngati njerwa, ndipo chala changa sichinathe kulowamo.

Apa m'pamene panali gwero la vuto la mitengo yambiri pa mpanda uja. Dothi la ku nazale linali la katondo, ndipo dothi lotere likauma kwambiri limalimba n'kuyamba kukana madzi. Ndikathirira mofulumira ndi keni, madzi ankangotsetsereka m'mbali mwa chibumacho n'kumira mumchenga, womwe sugwira madzi nthawi yaitali. Mizu yonse inali idakali mkati mwa chibuma, ina itazungulirazungulira potsata mmene chubu chinalili, ndipo panalibe ngakhale umodzi womwe unali utatulukira kukafika ku dothi latsopano. Zoona zake n'zakuti kwa masabata atatu ndinkathirira mchenga, mitengo ili ndi ludzu.

Chinawonjezera mavuto ndi kusintha kwa malo. Tauni ya Zomba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe ife kuno kumene Shire amatulukira m'nyanja kupita ku Malombe sitifika mamita 500, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 35 masiku ambiri. Mbande zija zinakulira pamthunzi wa ku nazale, ndiye ine ndinaziika pa dzuwa la kumadzulo m'mwezi wotentha koposa. Mtengo wosayoyola masamba umataya madzi kudzera m'masambawo tsiku lonse, ndipo mizu ikalephera kubweza madzi otayikawo, malo oyamba kufa ndi omwe ali kumapeto kwa mitsempha ya tsamba, ndiye kunsonga ndi m'mphepete. N'chifukwa chake kupsako kunali kofanana pa masamba ambiri, makamaka a mbali yoyang'ana dzuwa. Matenda a m'masamba nthawi zambiri amayamba ngati madontho apa ndi apo, ndipo ife madontho oterowo sitinawaone.

Koma bamboyo sanalole kuti tigamule mlandu wa mitengo yonse poona umodzi wokha, ndipo pa ichi ndimamuyamikira mpaka lero. Tinayenda mzere wonse, mtengo ndi mtengo. Iwiri ya kumapeto, yomwe inali pafupi ndi ngalande ya madzi ochokera kubafa, inali ndi nkhani yosiyana kotheratu. Masamba ake anayamba achita chikasu asanafiire, anali ofewa ndi olendewera, ndipo ankathothoka ndikangowakhudza. Titafukula tinapeza dothi la matope lonunkha, mizu itada ndipo khungwa lake likusupuka pakati pa zala. Mizu imafunanso mpweya, ndipo ikakhala m'madzi osayenda imaola, kotero mtengo umafota ngati wasowa madzi pomwe waimirira m'madzi. Munthu akaona kufota kotere n'kuwonjezera kuthirira, monga ndinkachitira ine, amangofulumizitsa imfa ya mtengowo. Iwiri imeneyi sitinathe kuipulumutsa.

Wina unali utadyedwa ndi chiswe m'munsi mwa tsinde, pomwe ndinaunjika manyowa osaolerana bwino okhala ndi mapesi, ndipo titaugwedeza unangozuka wopanda mizu yooneka. Winanso ndinaukwirira mozama kwambiri, moti tsinde linalowa m'dothi kutalika kwa chala chonse ndipo khungwa la pamenepo linali litayamba kuola. Tinayang'ananso kunsi kwa masamba ngati kuli tizilombo tomatirira tija timayamwa madzi a mtengo n'kuitana nyerere, koma kunalibe.

Za feteleza bamboyo anandionetsa chinthu chomwe ndinkachiona tsiku lililonse osachilabadira. Pamwamba pa dothi, pomwe madzi ankaumira, panali kaufa koyera. Madzi a pa mjigo wathu ali ndi kamchere, ndipo kuthirira madzi ochepa kawirikawiri pa dzuwa lotere kumasiya mcherewo pamwamba pomwe pali mizu. Mchere ukachuluka m'dothi mizu imavutika kukoka madzi, ndipo feteleza wa m'thumba amachita chimodzimodzi akathiridwa pa mizu yofooka m'dothi louma. "Mukanathira Urea uja, amayi, bwenzi pofika Lachisanu mukuzula yonse," anatero, akupukuta manja pa thalauza.

Zomwe tinachita pa mitengo 8 yotsalayo sizinafune ndalama. Tinaumba kabeseni ka dothi kuzungulira mtengo uliwonse, kukula kwake kongopitirira pang'ono chibuma cha mizu, kuti madzi aziima pamwamba pa mizu penipeni. Tinabaya chibumacho mosamala ndi kamtengo kosongoka m'malo angapo, kenako tinathira madzi pang'ono, kudikira kuti amire, n'kuthiranso, mpaka chala chinayamba kulowa mosavuta. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuthirira potsata wotchi. Ndinkayamba ndapisa chala m'dothi la pa mizu, ndipo likakhala lonyowa ndinkaudumpha mtengowo, koma likakhala louma ndinkathira madzi ochuluka nthawi imodzi kuti atsitsenso mchere uja pansi. Tinaphimbira ndi udzu wouma, kusiya mpata wa chikhatho kuzungulira tsinde poopa chiswe ndi kuola, ndipo mbali ya kumadzulo tinazika timitengo n'kumangirira masamba a mlaza kuti apereke mthunzi kuyambira masana.

Chovuta kwa ine chinali kudikira, chifukwa tsamba lomwe lafiira silibiriwiranso, ndipo kwa mwezi wathunthu mpanda uja unkaonekabe womvetsa chisoni. Ndinkafuna kudula zonse zouma kuti maso anga apume, koma ndinalangizidwa kuti tsamba lomwe latsala ndi mbali yobiriwira likugwirabe ntchito yodyetsa mtengo, choncho ndinangochotsa nthambi zokhazo zomwe ndikakanda zinkaoneka zouma mpaka mkati. Chizindikiro chomwe ndinauzidwa kuti ndiziyembekezera ndi mphukira zatsopano, ndipo zinayamba kuoneka mvula yoyamba itagwa, timasamba tofewa tobiriwira mowala tikutuluka m'mphako za masamba akale.

Ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti cholakwa chachikulu chinali nthawi yobzalira. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo kwa ife a kunyanja, komwe dothi ndi la mchenga ndipo dzuwa limaswa mtengo, masiku amenewa ndi oyenera kuwalemekeza kuposa anzathu a kumapiri. Ndikuonanso kuti laurel si mtengo woyenera kuuika pa dzuwa la kumadzulo kuno ku Mangochi ukadali waung'ono, ngakhale kuti ukakhazikika umapirira chilala ndithu.

Mbande zinayi zolowa m'malo mwa zakufa zija ndinazibzala mu Januwale, kum'mawa kwa khonde komwe dzuwa limachoka masana asanafike. Ndisanazichotse m'machubu ndinaziviika mu ndowa ya madzi mpaka thovu linasiya kutuluka, ndinamasula ndi zala mizu yozungulira ija, ndipo ndinaonetsetsa kuti pamwamba pa chibuma pakhale molingana ndi nthaka. Ngalande ya kubafa ndinaipatutsira ku nthochi. Mitengo 8 ya pa mpanda ija tsopano yandifika m'chiuno, ndipo kunsi kwake kudakali masamba angapo akale okhala ndi m'mphepete mofiira omwe sanathothokebe.