Ligi ya basiketibo yobadwira mu shopu yowotcherera

Ntchito yathu pa Chitakale, ku Mulanje, ndi yowotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo, mabedi. Masukulu ena amatipatsanso maoda a mapolo ndi malingi a basiketibo, koma tinkaona kuti tikaimika, zitsulozo zinkangodyedwa ndi dzimbiri chifukwa panalibe mpikisano woti ana azikonzekera. Ligi ya osewera osalipidwa yomwe shopu yathu imathandiza inayambira pamenepo. Nzeruyi si yachilendo. Ku America, National Industrial Basketball League inayamba mu 1947 ndipo matimu ake, monga Phillips 66ers, anali a anthu olembedwa ntchito pa makampani. Yathu ndi yaing'ono, koma cholinga n'chimodzimodzi: dzina la bizinesi lizioneka pomwe anthu asonkhana.

Ndalama zambiri zimathera pa bwalo, osati pa chikho. Bwalo lokwanira ndi mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi. Lingi imakhala mamita 3.05 kuchokera pansi, m'kati mwake masentimita 45, ndipo timaipinda ndi chitsulo chozungulira cha mamilimita 16 kapena kuposerapo. Chochepera apo chimawerama mnyamata mmodzi akangolendewera. Bolodi, thabwa lomwe lingi imakhomedwapo, ndi mamita 1.80 kupingasa ndi 1.05 kutsika, ndipo iyenera kulowa m'bwalo mamita 1.20 kuchokera pa mzere wa kumapeto. Amisiri ambiri amalakwitsa apa: amakhomera bolodi pa polo penipeni, polo n'kuima pa mzere, ndiye wosewera wothamangira kukagoletsa amakadzigunditsa. Polo iime kunja kwa mzere, bolodi igwidwe ndi mkono wachitsulo wokhala ndi zochirikiza ziwiri. Mabawuti a lingi adutse thabwa n'kukagwira chitsulo kuseri, chifukwa thabwa lokha limang'ambika.

Kenako pali mvula ya kuno kunsi kwa phiri. Polo yosatseka pamwamba imamwa madzi, n'kuola kuyambira m'kati, pomwe yakumana ndi konkire. Kunja penti imakhala ikuwala bwinobwino. Timawotcherera chivindikiro pamwamba, kupaka red oxide (yoteteza ku dzimbiri) kawiri penti isanapite, ndipo konkire timaiumba motsetsereka kuti madzi asadikhe m'tsinde.

Nyengo nayonso tinaisankha poyang'ana tiyi. Kuyambira Disembala mpaka Epulo masamba amachuluka, osewera ogwira ntchito m'maesiteti sapezeka, ndipo simenti yonyowa imaterera. Timasewera chilimwe, ngakhale chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimatha kuimitsa masewero, choncho pa ndandanda timasiya Loweruka limodzi mwezi uliwonse lopanda kanthu. Matimu 6 akakumana kawiri, kwawo ndi koyenda, ndi masewero 30.

Chimene chimagwetsa maligi otere ndi thiransipoti. Timu ya ku Limbuli ikalephera kawiri kufika ku boma, kachitatu simuionanso. Ife ndalama ya minibasi timapereka timu ikafika pa bwalo, osati dzulo lake. Oimbira awiri amalandira yawo masewero akangotha, pamaso pa makaputeni. Mipira, saizi 7 ya amuna ndi 6 ya akazi, timagula ya labala, poti yachikopa simenti imaikalula msanga, ndipo imagona ku shopu. Wotenga amasayina m'kope.

Phindu lake silibwera pa geti, kulowa n'kwaulere. Dzina ndi nambala ya shopu zili pa mabolodi onse, ndipo aphunzitsi aakulu obwera kudzaonerera ndi omwewo amadzafunsa mtengo wa madesiki ndi zitseko zachitsulo.