Kagalu kotuwa ka mapaundi 3,500

Kwathu ku Dedza galu anali galu basi. Wathu anali Tayiga, ankadya mkute ndi zotsala m'mbale, n'kugona pakhonde, ndipo palibe anafunsapo kuti ubweya wake ndi wa kala yanji. Ndiye tsiku lomwe mwana wanga wamkazi, yemwe wakulira kuno ku Leicester, anandiika foni pamphuno n'kunena kuti, "Amayi, ndikufuna uyu, ndi lilac merle," ine ndinkayesa akutchula dzina la pefyumu.

Kanali ka French bulldog, mtundu wa agalu a nkhope yophwatalala, kotuwa ngati phulusa la mbaula, ka mawangamawanga, maso a buluu ngati chidole. Wogulitsa ankafuna mapaundi 3,500. Ndinawerengera mashifiti ausiku amene ndingagwire kunyumba ya okalamba kuti ndalamayo ikwane, mutu unazungulira. Koma ndinali nditalonjeza kale kuti akakhoza mayeso galu abwera, ndipo paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Ndinayamba kufunsafunsa. Bungwe la Kennel Club, lomwe limalemba agalu m'kaundula kuno ku Britain, limazindikira makala atatu okha pa French bulldog: brindle, wa timizere takuda ndi tofiirira, fawn, wofiirira ngati gwape, ndi pied, woyera wa zigamba. Kwa msuweni wake wamkulu uja, English bulldog, kuli wofiira ndi woyeranso. Awa a blue ndi lilac, omwe ndi otuwa, a chocolate, ndi a merle, a mawangamawanga aja, amene ogulitsa amawatcha "osowa" n'kukweza mtengo, ali kunja kwa muyezo. French bulldog wa merle bungwelo linasiyiratu kumulemba mu 2013, chifukwa kala imeneyi siinali m'magazi mwa agaluwa, inachita kulowetsedwa.

Zakaundula sizinandidetse nkhawa kwenikweni, sitinkafuna galu wa mpikisano. Amene ananditsegula maso ndi a vetenale ena omwe timapemphera nawo. Anandikhazika pansi titaweruka m'tchalitchi n'kundifotokozera za majini, osati a kwa asing'anga aja ayi, koma timbewu ta chibadwa timene mwana amatengera kwa makolo. Kuti galu atuluke wa blue, ayenera kulandira jini yosungunula kala kuchokera kwa bambo ndi mayi omwe. Ena mwa agalu oterewa ubweya umadzayamba kuthothoka akamakula, khungu n'kumauma ndi kutuluka tizilonda. Wa lilac amafunika jini imeneyo kawiri, ya chocolate kawirinso. Merle ndiye woopsa ukamukweretsa ndi merle mnzake: pa ana anayi, mmodzi amayembekezeka kutenga jiniyo mbali zonse ziwiri, ndipo oterowo ambiri amabadwa osamva, osaona, kapena ndi timaso tosakhwima.

"Koma mayi," anatero, "vuto lalikulu si kala. Vuto ndi loti munthu akamasaka kala, amasankha makolo poyang'ana ubweya, mphuno osaiona."

Mawu amenewa ndinadzawamvetsa Loweruka lina titapita kukaona kagalu kaja. Ku England kuyambira mu 2020 lamulo silola kugulitsa tiagalu kudzera mwa mavenda, umayenera kugula kwa woweta mwiniwake, choncho ndinaumirira kuti tione make. Anazengereza, kenako anamutulutsa. Galuyo anangoyenda kuchoka kukhitchini kufika pabalaza, koma kapumidwe kake kanali ngati chigayo cha dizilo chikamalira m'mawa. Mabowo a mphuno anali timing'alu chabe. Pamimba panali chipsera cha opaleshoni, zomwe sizachilendo, poti ma bulldog ambiri sabereka okha chifukwa ana amakhala ndi mitu ikuluikulu. Mwini wake anatiyalira mapepala a DNA, tsamba ndi tsamba kufotokoza makala amene kagaluko kangadzabereke. Nditafunsa za pepala la kapumidwe, lija la ndondomeko yomwe Kennel Club inakhazikitsa ndi yunivesite ya Cambridge mu 2019, pomwe dokotala amamuyendetsa galu mwandawala kwa mphindi zitatu n'kumupatsa giredi kuyambira 0 mpaka 3, anangoti agalu onsewa amapuma choncho.

M'galimoto pobwerera mwana wanga anali chete mpaka tinadutsa maloboti awiri. Kenako anati, "Amayi, galu uja akumva kuwawa eti?" Sindinafunikenso kulalikira.

Ndisanamizire, kagalu kaja kanali kokongola, ndipo si galu aliyense wa blue amene amadwala. Alipo a brindle amene amabanika kuposa a lilac. Chimene ndinakana ine n'kulipira ndalama yowirikiza kwa munthu amene amadziwa jini iliyonse ya ubweya koma sanayezetsepo mphuno.

Patapita miyezi iwiri tinapeza wathu kumalo osungira agalu osiyidwa. Ndi wa zaka 4, wa brindle wamba, kala yomwe pa intaneti palibe amaiimbira m'manja. Mphuno zake n'zotseguka bwino, ngakhale mkonono ndiye amauliza ndithu, moti bambo a kunyumba kuno apeza womunamizira. Makwinya akumaso timawapukuta ndi kuwaumitsa kuti asanyeke, chakudya timachita kuyeza chifukwa akanenepa kupuma kumavuta, ndipo kukatentha timayenda naye m'mamawa kokha. Inshuwalansi yake imandiwawa mwezi uliwonse, ndisabise.

Dzina anapereka ndi mwana wanga, ataona timizere tija: Tayiga. Titawaonetsa agogo ake pa WhatsApp, anayandikitsa foni kumaso, kuyang'anitsitsa, n'kufunsa kuti, "Kodi galuyu anawombana ndi khoma?" Atamva kuti amagona m'nyumba, pa bulangete lakelake, anaitana aneba kuti adzaone.