Zikomo nonse, mlandu wa anzathu watha

Dzulo khoti lakana kupitiriza kuimitsaimitsa mlandu wa anzathu aja, amene anagwidwa muno mu Zimbabwe tsiku limene tinkakapereka chikalata cha madandaulo, poti oimira boma abweranso opanda mboni. Aphunzitsi athu anayi ndi anamwino awiri agona tulo teniteni koyamba chigwidwireni. Ambuye alemekezeke. Tatopa, ena mawu anasasa kale, koma sitingakhale chete.

Oyamba kuwathokoza ndi amayi athu a Mvano a ku Mufakose mu Harare. Dzina anatiletsa okha kulemba, koma nonse mukuwadziwa, aja a kope la chikuto chakuda. Sanalandirepo malipiro a boma ngakhale mwezi umodzi, amagulitsa tomato ndi matemba pamsika. Koma usiku woti mawa tikapereka chikalata cha madandaulo, iwo ndi amene anakaniratu kuti munthu akwere kombi (minibasi) asanalembedwe: dzina monga lilili pa chitupa, nambala ya chitupa, adiresi, foni ya wachibale, ndi mankhwala amene munthu amamwa tsiku ndi tsiku. Anyamata ena ankang'ung'udza kuti agogo akutichedwetsa. Anthu atangoponyedwa m'galimoto, loya analandira mayina onse asanu ndi limodzi opanda cholakwika chilembo n'chimodzi chomwe.

Ndi iwonso amene anaika anthu awiri tsidya lina la msewu, osavala sikipa ya bungwe, osanyamula chikwangwani, osaimba nawo. Ntchito yawo inali kuona ndi kulemba basi: nthawi imene munthu wagwidwa, nambala ya galimoto, kumene yalowera. Gawo 50 la malamulo aakulu a dziko a 2013 limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, koma maolawo amawerengedwa kuyambira pamene wagwidwa. Ngati palibe walemba nthawi, loya akatsutsa ndi chiyani?

Tivomere pamene tinalakwitsa. Lamulo la misonkhano ndi zionetsero la MOPA la 2019, limene linalowa m'malo mwa lakale la POSA, limafuna kuti apolisi adziwitsidwe polemba kutatsala masiku 7 ngati ndi zionetsero kapena kuguba, masiku 5 ngati ndi msonkhano. Kalata tinalemba bwinobwino, yotchula wotsogolera ndi wachiwiri wake, njira, nthawi ndi chiwerengero cha osungitsa bata, ndipo pepala lathu linadindidwa. Kupusa kwathu kunali kusungitsa pepala lodindalo kwa munthu mmodzi, amene ndiye anayamba kugwidwa nalo m'thumba. Amayi aja anangomasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa fotokope imene anapangitsa ndi ndalama yawo ya tomato. Kuyambira lero pepala lodinda lizikhala ndi anthu atatu, ndipo chithunzi chake chizipita kwa loya anthu asananyamuke.

Maloya a Zimbabwe Lawyers for Human Rights, zikomo. Munafika usiku, simunatilipiritse kalikonse, ndipo munali mutatiphunzitsa kale zinthu ziwiri zimene zapulumutsa anzathu. Osasaina sitetimenti loya asanafike. Osathamangira kulipira faindi yovomera mlandu chifukwa chofuna kukagona kunyumba, pakuti kwa munthu wogwira ntchito m'boma kapepala kameneko kakhoza kumulondola mpaka kuntchito.

Ena mumatifunsa kuti mukuvutikiranji pamene ufulu uli kale m'malamulo. Ulimodi. Gawo 65 la malamulo aakulu aja limapatsa wogwira ntchito aliyense, kupatula achitetezo, ufulu wolowa bungwe la apantchito, wonyanyala ntchito, ndi wokambirana za malipiro ngati gulu. Gawo 59 limaloleza kuchita zionetsero ndi kupereka madandaulo mwamtendere. Koma lamulo la apantchito la Labour Act silikhudza ogwira ntchito m'boma. Aphunzitsi ali pansi pa lamulo la ogwira ntchito m'boma la Public Service Act, ndipo malipiro awo amakambidwa ku National Joint Negotiating Council, imene inakhazikitsidwa ndi Statutory Instrument 141 ya 1997. Kumeneko mabungwe amangofunsidwa maganizo, mawu omaliza ndi a olemba ntchito. N'chifukwa chake aphunzitsi akhala akulirira US$540 pamwezi imene ankalandira isanafike Okutobala 2018. Anamwino ndiye zawo zinaipiratu: mu Epulo 2018 boma linalengeza kuti lachotsa ntchito anamwino pafupifupi 16,000 amene ankanyanyala, ndipo mu Januwale 2023 lamulo la Health Service linasinthidwa kuti sitalaka ya azaumoyo isapitirire maola 72, woyambitsa yosatsata lamulo akhoza kukhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi. Pachifukwa chimenechi anamwino athu anabwera tsiku limene sali pa ntchito, osavala yunifolomu, ndipo aphunzitsi tinawaika nthawi ya holide. Palibe amene akanawanena kuti anajomba.

A bungwe la maliro la ku Mabvuku ndi Tafara, mwatichititsa manyazi ndi ubwino wanu. Ndalama yogulira mabokosi munaitulutsa kuti ikhale ya belo. Amene simunaonepo zimenezi mudziwe kuti belo siipemphedwa pa WhatsApp woweruza atagamula kale. Ndalama izikhala m'manja kukhoti komweko, pakuti ofesi yolandira ndalama ikatseka, munthu wopatsidwa belo amakagonabe kundende. Amayi aja anakhala pabenchi kuyambira m'mawa ndi maenvelopu asanu ndi limodzi, iliyonse ili ndi dzina, ndalama ndi umboni wa kumene munthu amakhala. Malisiti onse anawamata m'kope lomwe lija.

Panalinso nkhani imene anzathu a Chishona sangaimve msanga. Mmodzi mwa ogwidwa makolo ake akadali ndi zitupa zakale zolembedwa ALIEN, ndipo bambo ake anachita mantha kufika kukhoti, akuti angawathamangitsire ku Malawi kumene sanapondeko chibadwire. Amayi aja anapita okha kunyumbako n'kuwafotokozera za gawo 43 la malamulo aakulu aja: wobadwira muno malamulo a 2013 asanatuluke, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, iye akukhala muno, ndi nzika yobadwa. Bambowo anabwera, atavala jekete la kutchalitchi, n'kukhala kutsogolo.

Amayi a ku Highfield ndi Dzivarasekwa amene munkaphika, Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa. Sadza (nsima) ndi ndiwo m'makontena apulasitiki, opanda supuni yachitsulo, wobweretsa alawe kaye pamaso pa mlonda. Mankhwala a BP ndi ma ARV analowa chifukwa anali m'mabotolo ake enieni pamodzi ndi khadi la kuchipatala. Mapiritsi okulunga m'pepala akanabwezedwa pakhomo. Anthu amalandidwa nsapato ndi malamba n'kugona pasimenti, ndiye majuzi okhuthala amene munatumiza anagwira ntchito kuposa mmene mukuganizira.

Koma inu akuluakulu amene mafoni anu anathera moto tsiku lomwelo n'kudzayaka dzulo pa masitepe a khoti atolankhani atafika, takuonani. Masuti anakukhalani ndithu. Chaona mnzako chapita.

Ntchito siinathe. Ndalama ya belo imabwezedwa mlandu ukatha, choncho anzathu asanu ndi mmodzi mukakumane ndi amayi a ku Mufakose aja Lolemba m'mawa mutatenga zitupa zanu, malisiti ali nawo iwo. Ikangotuluka ibwerere ku bungwe la maliro yonse, tisadikire kuti kugwe zovuta. Ndipo masiku onse amene anakhala pabenchi la khoti, tebulo lawo pamsika linali lovundikira ndi saka. Tomato wa sabata ino tikagule kwa iwo.