Za Mawu Aja Ndinayankhula pa Phwando la Ahedi

Popeza ena mwa inu mwayamba kale kunditchula kuti a Chibonga, ndibwino ndifotokoze ndekha. N'zoona kuti pa phwando lotsanzikana ndi ahedi athu, amenenso ndi mkulu wa mpingo, ndinanena m'Chingerezi kuti iwo ndi munthu clubbable kwambiri. Mawuwa ndi oyamikira. Amatanthauza munthu wochezeka, amene anzake amasangalala kukhala naye pagulu, ndipo anawapeka ndi Samuel Johnson wa ku London, mlembi wa dikishonale yotchuka ya 1755, poyamikira mnzake James Boswell. Ine ndinali kuwapatsa ahedi ulemu wapamwamba.

Koma panali womasulira, mnyamata amene amadziwa kuti club ndi chibonga, komanso kuti madzi akakhala drinkable ndiye kuti ndi omweka. Anatsegula pakamwa, n'kutseka. Anayang'ana kudenga ngati kuti tanthauzo linalembedwa pamalata, anatsokomola, anakonza tayi, anatsokomolanso, ndipo ine ndinkamugwedezera mutu momulimbikitsa, osadziwa kuti ndikudzikumbira dzenje. Kenako anakweza mawu molimba mtima: "Akuti bwana wathuyu ndi woyenera kumenyedwa ndi chibonga, kwambirinso."

Holo yonse inangoti zii. Ntchafu ya nkhuku imene amfumu ananyamula inaima pakati pa mbale ndi pakamwa, ndipo ndikhulupirira kuti inazizirira pomwepo. Mphunzitsi wina, pofuna kundipulumutsa, anakuwa ali kumbuyo kuti womasulira walakwitsa, ine ndikunena za munthu wokonda makalabu ausiku. Apa mayi a kunyumba kwa ahedi anatembenuka pang'onopang'ono, nafunsa mofatsa kuti, "Bambo, misonkhano ya akulu a mpingo ija mumachitira kuti?"

Ndinayesa kukonza zinthu pofotokoza kuti kalabu ya Johnson, imene inayamba mu 1764, inali ya anthu ophunzira okambirana za mabuku. Abusa atafunsa kumene ankakumana, ndinayankha zoona, kuti ankakumana ku Turk's Head, malo odyera ndi omwera mowa. Sindinapatsidwenso maikolofoni.

Womasulirayo akuti ndikanangonena kuti wochezeka. Mwina. Koma palibe amene akumufunsa iye chifukwa chimene anaganizira kuti munthu angavale suti n'kubwera ku phwando kudzapempha kuti ahedi amenyedwe. Mpunga wotsala anagawana ena.